Datsun 240Z: Mavuto Obwerabwera Poikonza ndi Mmene Mungadziwire Zipangizo Zake za Orijino

Datsun 240Z inatuluka chakumapeto kwa 1969. Ku Japan ankaitchula Nissan Fairlady Z, ndipo m'mabuku a kampani thupi lake limadziwika ndi dzina loti S30. Ili ndi injini ya masilinda 6 ondondozana yotchedwa L24, ya 2,393 cc, yomwe imalandira petulo kudzera m'ma carburettor awiri a Hitachi. Kuno ku Africa inatchuka pa mpikisano wa East African Safari Rally, pomwe inapambana mu 1971 ikuyendetsedwa ndi Edgar Herrmann, n'kupambananso mu 1973 ili m'manja mwa Shekhar Mehta.

Galimotoyi ndi yosavuta kuimvetsa. Amakaniko omwe anakulira pa ma pickup a Datsun a injini za L16 ndi L18 akatsegula boneti sasochera. Chomwe chimazunguza anthu n'chakuti padutsa zaka zoposa 50, galimoto iliyonse yadutsa m'manja ambiri, ndipo zipangizo za 240Z ndi za magalimoto omwe anaitsatira, 260Z, 280Z ndi 280ZX, zimalowerana. Munthu amatchuna carburettor ya 1973 ndi buku la 1971, kapena amagula gasket ya L24 pomwe m'boneti muli L28, vuto n'kubweranso sabata yotsatira. N'chifukwa chake gawo loyamba pano ndi la manambala. Pansi pa chizindikiro chilichonse, zoyambitsa zayalidwa kuyambira yomwe imapezeka kawirikawiri.

## Sipeya yomwe mwagula sikulowa, kapena manambala sakugwirizana

1. Injini inasinthidwa. Izi n'zofala kwambiri, chifukwa L26 ndi L28, injini za 260Z ndi 280Z, zimakhala pamalo a L24 popanda kudula kanthu.

- Nambala ya injini inadindidwa pa block, mbali ya mapulagi, chakumbuyo, m'munsi pang'ono mwa pomwe head (mutu wa injini) imakumana ndi block (thunthu la injini). Pali timalo tiwiri tosalala: kena kalembedwa mtundu wa injini, kena nambala yake.
- Pa 240Z nambala yomweyo inalembedwanso pa kachitsulo komamatiridwa m'boneti. Zikafanana, injiniyo ndi yomwe galimoto inatuluka nayo ku fakitale.
- Mbali ya ma manifold (mapaipi olowetsa mpweya ndi otulutsa utsi pa injini), m'munsi mwa block, pali zilembo zotukuka. E31 kapena P30 ndi za m'nthawi ya 240Z ndi 260Z. N42 ndi F54 ndi ma block a L28.

2. Block ndi yake, koma head ndi yobwera. Yang'anani zilembo zotukuka m'munsi mwa pulagi yoyamba ndi yachiwiri. E31 ndi ya magalimoto oyambirira, E88 ndi ya otsatira mpaka 260Z, pomwe N42, N47, P79 ndi P90 zinachokera ku L28. Head yobwera si tsoka, injini ikhoza kulira bwinobwino. Koma mabowo a ekizozi a N47 ndi P79 ndi obulungira, pomwe a E31 ndi E88 ndi a ngodya zinayi, choncho gasket ndi manifold muzigula potsatira head, osati chaka cha galimoto.

3. Mwagula sipeya ya galimoto yopita dziko lina. Nambala ya chassis ikayamba ndi HLS30, chiwongolero chili kumanzere, ngati zomwe zinkapita ku America. HS30 ndi 240Z ya chiwongolero cha kumanja, ngati za ku Britain ndi Australia. S30 yokha ndi Fairlady Z ya ku Japan ya injini ya L20. Ogulitsa masipeya ambiri pa intaneti ali ku America ndipo katundu wawo ndi wa HLS30. Dashboard, steering rack, mawaya, makapeti ndi ndodo za accelerator sizilowa pa galimoto ya kumanja. Ngakhale giyabokosi imasiyana: za ku America zinali za magiya 4, pomwe zambiri za HS30 zinali za magiya 5.

4. Chaka cha pa mapepala si chaka chomwe inapangidwa. Mapepala amanena chaka chomwe galimoto inalembetsedwa. Nissan inkasintha zipangizo m'kati mwa chaka, choncho poitanitsa sipeya perekani nambala yonse ya chassis. Dziwaninso kuti 280Z nayo imayamba ndi HLS30, kusiyana kwake n'kwakuti nambala yake ndi yapamwamba kwambiri ndipo ili ndi fuel injection.

5. Nambala ya chassis inasewereredwa. Nambala yodalirika ndi yodindidwa pa chitsulo chenicheni cha firewall, khoma la pakati pa injini ndi pokhala anthu. Kachitsulo komata ndi ma rivet aliyense angathe kukasuntha.

Imani apa: mukaona zizindikiro za kuwotcherera mozungulira nambala ya pa firewall, zilembo zosiyana kukula, kapena nambala yosiyana ndi ya pa mapepala, musaikepo ndalama ina. Pitani nayo ku ofesi yolembetsa magalimoto kapena kupolisi akaiunike. Musayese kudindanso nambala nokha, ngakhale yafufutika ndi dzimbiri.

## Imalira bwino m'mawa, koma ikatentha imazima kapena kukana kulira

1. Zinyalala za m'thanki. Galimoto yomwe yakhala zaka ili chiimire imakhala ndi dzimbiri m'thanki. Ikayenda mtunda, zinyalalazo zimaunjikana pa fyuluta, injini n'kuzima. Mukadikira pang'ono zimatsika, n'kuliranso. Dulani fyuluta yakaleyo muone zomwe zili m'kati. Mukapeza fumbi lofiira, kusintha fyuluta yokha n'kungochedwetsa vuto: tsitsani thanki, itsukidwe, ndipo pemererani mapaipi onse ndi mphepo.

2. Petulo akuwira m'mapaipi. Pa injini za L, ma carburettor ali pamwamba penipeni pa manifold ya ekizozi. Onani ngati:

- chitsulo chotchinga kutentha pakati pa ziwirizi chilipo, pakuti ambiri anachichotsa n'kuchitaya;
- paipi yobwezera petulo ku thanki ndi yotseguka;
- ma carburettor anu ndi a mitu yobulungira kapena yaphwatalala. Aphwatalala anaikidwa pa magalimoto a ku America a 1973 ndi 1974, ndipo ndi omwe amavutitsa kwambiri kukatentha.

Petulo wosakaniza ndi ethanol, monga wa ku Malawi kapena wa E10 yemwe Britain inayamba kugulitsa mu 2021, amawira msanga ndipo amadya mapaipi a labala akale. Sinthani onse muike ovomerezeka pa ethanol.

3. Condenser kapena coil. Injini ikangozima, musadikire kuti izizire: yesani pomwepo ngati pulagi ikuthetheka. Ngati moto palibe kapena ndi wofooka, yambani ndi condenser, kenako coil ndi ballast resistor. Mpata wa ma points ukhale pakati pa 0.45 ndi 0.55 mm.

4. Mavavu othina. Injini ili yozizira, mpata ukhale 0.20 mm pa olowetsa ndi 0.25 mm pa otulutsa. Ili yotentha, 0.25 ndi 0.30 mm.

Imani apa: thanki ya petulo siwotchereredwa pakhomo, ngakhale mwaitsuka kangati. Mpweya wotsalira m'kati umaphulika. Iperekeni kwa odziwa ntchito ya mathanki ndi ma radiator.

## Idling yosakhazikika, mapulagi atatu akuda, atatu oyera

Ma carburettor amenewa amanamiziridwa milandu yambiri yomwe si yawo. Musanawakhudze, tsimikizani mavavu, ma points, timing, ndi kuti mawaya a mapulagi akutsatira 1-5-3-6-2-4. Mukatero, masulani mapulagi onse muwayale motsatana. Carburettor ya kutsogolo imadyetsa masilinda 1 mpaka 3, ya kumbuyo 4 mpaka 6, choncho mtundu wa mapulagi ukuuzani mbali yolakwa.

1. Nozzle yatsakamira pansi. Mukakoka choke, nozzle ya pansi pa carburettor imatsika kuti petulo achuluke. Ikauma, sibwereranso m'mwamba. Ikankheni ndi chala: ikamveka "kha" n'kukwera, vuto ndi lomwelo. Itsukeni, onaninso kapaipi kochokera ku float bowl. Kakauma kamakoka nozzle, kakang'ambika petulo amadonthera pa ekizozi yotentha. Kamafunika kofewa, kopangidwira ntchito yomweyo, osati paipi wamba.

2. Oyilo wa m'mutu wa carburettor watha. Masulani kachivundikiro kakuda ka pamwamba, thirani oyilo wopepuka wa SAE 20. Popanda oyiloyu galimoto imatsokomola mukaponda moto mwadzidzidzi.

3. Piston ikukakamira. Chotsani air cleaner, kwezani piston ndi chala, n'kuisiya. Iyenera kutsika bwinobwino mpaka kugunda pansi. Tsukani m'kati ndi nsalu yonyowetsa ndi petulo, sandpaper musayerekeze. Piston iliyonse inayenererana ndi chivindikiro chake ku fakitale, choncho phwasulani carburettor imodzi, muimange, kenako inzake.

4. Mpweya ukulowera pambali. Onani ma gasket a manifold, mapaipi a vacuum, ndi paipi yopita ku booster ya mabuleki. Gwedezaninso ndodo ya throttle. Ikamasewera m'malo mwake, simudzaitchuna n'kukhazikika mpaka aikemo mabushi atsopano.

5. Ma carburettor sakukoka mofanana, kapena float yasokonekera. Poyambira pabwino n'kumanga nati ya mixture mpaka pamwamba, n'kuibweza maulendo awiri ndi theka pa carburettor iliyonse. Kulinganiza kumafuna chipangizo choyezera mpweya. Khutu lokha limanama.

Imani apa: ngati compression ya silinda imodzi yatsika kwambiri poyerekeza ndi zinzake, kapena m'madzi a radiator mukutuluka thovu, nkhaniyo yafika pochotsa head. Pa injini za L, wochotsa giya ya camshaft ayenera kuyamba wakhomera kamtengo pakati pa tcheni cha timing. Akapanda kutero, tensioner imafwamphuka ndipo ntchito imafika pophwasula kutsogolo konse kwa injini. Amakaniko omwe sakudziwa za kamtengo aka musawapatse ntchitoyo.

## Fungo la utsi kapena la petulo m'kati

Ili si vuto lozolowera n'kumangoyenda nalo. Kaumbidwe ka kumbuyo kwa S30 kamachititsa kuti utsi wa ekizozi uzizungulira pa magetsi a kumbuyo, ndipo mukatsegula windo la kutsogolo mphepo imaukokera m'kati kudzera pa kabowo kalikonse.

1. Labala wa chitseko cha kumbuyo waphwa kapena wang'ambika. Panani pepala pa chitsekocho. Likasololoka mosavuta, pamenepo pakulowa utsi.
2. Ma gasket a magetsi a kumbuyo auma.
3. Timalabala totseka mabowo odutsa mawaya ndi mapaipi tathothoka.
4. Pa magalimoto oyambirira, okhala ndi timazenera ta mpweya pa chitseko cha kumbuyo, njira zake za m'kati zang'ambika.
5. Labala wa pansi pa ndodo ya giya wabooka.
6. Paipi ya ekizozi ndi yaifupi, yosatulukira kunja kwa thupi.

Fungo likakhala la petulo, makamaka mukangodzaza thanki kapena pokhota, tsegulani chophimba cha mbali ya kumanja kumbuyo muone paipi yothirira petulo ndi mapaipi opumira a thanki.

Imani apa: mutu ukayamba kuwawa kapena tulo tikakugwirani mukuyendetsa, imani, tulukani. Mpweya wa carbon monoxide umapha. Galimotoyo isanyamulenso munthu mpaka yakonzedwa.

## Kumbuyo kukumveka "gu!" ponyamuka kapena posintha giya

1. Mount ya kutsogolo kwa diff, bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala a kumbuyo, yalekana. Mphuno ya diff imadumpha mukaponda moto. Ikankheni ndi chitsulo muone ngati labala wasiyana ndi chitsulo chake, onaninso lamba wodutsa pamwamba pa diff.
2. Mabushi a chitsulo chopingasa chogwira diff kumbuyo atha, kapena manati awiri omangira diff pa chitsulocho amasuka.
3. Ma universal joint a propshaft kapena a ma shaft opita ku matayala. Agwedezeni ndi manja, sayenera kusewera.
4. Mashoko omasuka m'kati mwa strut.
5. Magiya a m'kati mwa diff. Awa ndi omwe anthu amathamangira kuwaganizira, koma nthawi zambiri amapezeka ali bwino.

Magalimoto a 1970 ndi 1971 ali ndi diff yokhala chakutsogolo pang'ono, zomwe zimapendeketsa ma shaft n'kubweretsa kunjenjemera. Kuyambira a 1972 Nissan inaisunthira kumbuyo. Propshaft ndi zitsulo zogwirira diff za mibadwo iwiriyi n'zosiyana, ndipo mukazisakaniza sizikhala. Onaninso ngati diff yanu ndi R180, yomwe ndi ya 240Z, kapena wina anaikamo R200 ya 280Z.

Imani apa: musalowe pansi pa galimoto yodalira jeke yokha. Ndipo ma pin aatali a pa mikono ya matayala a kumbuyo akamamatira ndi dzimbiri, kuwamenya ndi hamala kumangofutukula mutu wake. Pitani nawo kwa omwe ali ndi press.

## Magetsi akuwala mofooka, bokosi la mafyuzi likutentha

Pa 240Z mphamvu yonse ya nyali za kutsogolo imadutsa m'bokosi la mafyuzi ndi mu switch ya pa chiwongolero, popanda relay. Polumikizira pakachita dzimbiri pamatentha mpaka pulasitiki kusungunuka.

1. Timano togwira mafyuzi tachita dzimbiri kapena tafooka. Chotsani waya wa batire, titsukeni, tipanikizeni.
2. Mawaya a earth omangidwa pa thupi agwira pa penti kapena pa dzimbiri.
3. M'kati mwa switch ya pa chiwongolero mwapsa. Imaphwasulika n'kutsukika, koma muli timasipuling'i tating'ono tosachedwa kutayika. Gwirirani ntchitoyo m'beseni.
4. Mababu amphamvu kuposa omwe mawaya angapirire.
5. Alternator yosagwirizana ndi mawaya. 240Z ili ndi regulator yapayokha. Wina akaika alternator ya 280ZX, yomwe regulator yake ili m'kati, popanda kusintha kalumikizidwe, injini imatha kukana kuzima mukachotsa kiyi. Injini ikulira, pa batire pakhale ma volt a pakati pa 13.8 ndi 14.5.

Mankhwala okhalitsa ndi kuika ma relay a nyali, makamaka olumikiza popanda kudula waya wa orijino.

Imani apa: fungo la pulasitiki wopsa kapena waya wosungunuka m'kati mwa mtolo ndi ntchito ya katswiri wa magetsi a galimoto. Fyuzi yopsa isalowedwe m'malo ndi yaikulu kapena ndi kawaya.

## Mabuleki: pedulo ikulowa kwambiri, kenako n'kugwira mwadzidzidzi

Yambani ndi mpweya m'mapaipi ndi ma drum a kumbuyo osatchunidwa. Koma ngati vutoli layamba mutangosintha master cylinder, ganizirani kalabala kobulungira ka m'kati mwa booster, komwe kamagwera m'kati munthu akasolola ndodo yake. Malo olumikizira mapaipi a kutsogolo ndi a kumbuyo pa master cylinder anasinthanso pakati pa magalimoto oyambirira ndi otsatira, choncho werengani zilembo F ndi R musanamange.

Imani apa: nsapato za mabuleki zakale zikhoza kukhala ndi asbestos, fumbi lake musalipemerere ndi mphepo. Pedulo ikamatsika yokha mutaiponda, galimoto isatuluke pa geti.

## Penti akutupa, zitseko sizikutsekeka bwino, pansi pakufewa

S30 ilibe chassis yapayokha ngati pickup. Thupi lomwelo ndi lomwe limanyamula injini ndi miyendo, ndipo chitsulo chake n'chopyapyala. Injini yakufa imadzuka ndi ndalama zodziwika, koma thupi lodyeka limameza ndalama zosawerengeka, choncho pogula galimoto yambani kugwada pansi musanatsegule boneti. Malo odyeka kawirikawiri:

1. pansi pa batire, pomwe asidi amadonthera mpaka kuboola firewall ndi njanji (chitsulo chachitali cholimbitsa thupi) ya pansi pake;
2. popondera mapazi ndi njanji za pansi pake, zomwenso zimaphwanyika ndi jeke yoikidwa polakwika;
3. m'munsi mwa zitseko ndi kutsogolo kwa matayala a kumbuyo;
4. pakamwa pa chitseko cha kumbuyo, pamwamba pa magetsi;
5. m'dzenje la tayala la sipeya;
6. pomwe ndodo zogwira miyendo ya kutsogolo zimamangidwa pa njanji.

Yendetsani maginito wokutidwa ndi nsalu m'malo onsewa. Pomwe sakugwira pali body filler wochindikala. Makapu a nyali za kutsogolo okha asakudabwitseni: pa magalimoto oyambirira anali a fibreglass, ndipo maginito kusagwira pamenepo ndi chizindikiro chabwino. Phula lakuda lopakidwa chatsopano pansi pa galimoto yogulitsa mulikayikire, ndipo ligogodeni ndi sikuludiraiva.

Imani apa: njanji zikadyeka kapena kupindika, kapena mipata ya zitseko ikamasintha mukakweza galimoto ndi jeke, pakufunika wowongola magalimoto wokhala ndi jig ndi miyeso ya ku fakitale. Kudula pansi ndi m'mbali nthawi imodzi popanda kuchirikiza thupi kumalipotokola, ndipo zitseko sizidzakhalanso bwino.

## Mukukayika ngati chipangizo ndi cha galimoto yanuyo

Nyengo zotchulidwa apa ndi za magalimoto a ku America; a chiwongolero cha kumanja anasintha zina pa nthawi yosiyanako.

- Timazenera ta mpweya: opangidwa mpaka kumayambiriro kwa 1971 ali nato pa chitseko cha kumbuyo, ndipo pa mzati wa m'mbali palembedwa 240Z. Otsatira ali ndi chizindikiro chobulungira cha Z pa mzatiwo, pomwe mpweya umatulukira.
- Chiwongolero: choyambirira chili ndi timaenje tosabooka pa mikono yake itatu, chotsatira ndi chobooka.
- Chivundikiro cha mavavu: zoyambirira zenizeni zalembedwa NISSAN 2400 OHC, zotsatira NISSAN OHC.
- Galasi la kumbuyo: mizere yotenthetsera inali yoimirira, kenako mu 1972 inakhala yopingasa.
- Ma carburettor obulungira: chivindikiro cha masikuluu 4 ndi cha 1970 ndi 1971, cha masikuluu 3 ndi cha 1972.
- Marimu: achitsulo, a mainchesi 14, opangidwa ndi Topy, ndipo ali ndi deti lodindidwa. Malamba a pa mipando nawo ali ndi deti pa kansalu kake. Madetiwa amayenera kukhala a m'mbuyo pang'ono, mwezi womwe galimoto inapangidwa usanafike.
- Mayina a opanga: Koito pa nyali za kutsogolo, IKI pa za kumbuyo, Hitachi pa wailesi, alternator ndi distributor, Jeco pa wotchi.
- Penti: nambala yake ili pa kapepala komata pa chitsulo chogwira radiator, monga 918 ya olenji kapena 920 ya Safari Gold. Kakasowa, yang'anani utoto wotsalira pansi pa makapeti ndi kuseri kwa dashboard.
- Mabawuti: a ku Japan a M8 ali ndi mutu wa 12 mm. Pomwe sipanala ya 13 mm yagwira, wina anafikapo kale. Masikuluu a mtanda ndi a muyeso wa JIS, ndipo sikuludiraiva ya Phillips imawabudula.

Chipangizo cha orijino chikatopa, ndi bwino kuchikonzetsa kusiyana n'kuchisinthanitsa. Ogulitsa ena amafuna muwapatse alternator, starter kapena ma carburettor anu akale kuti akuchotsereni mtengo, ndipo zomwe amakupatsani zimakhala za chaka china. Ngati mwaika distributor yamakono kapena ma relay kuti galimoto iziyenda tsiku ndi tsiku, jambulani chakalecho chisanachoke, chiikeni m'thumba pamodzi ndi mabawuti ake, n'kulembapo malo omwe chachokera ndi nambala ya chassis.